MLENDO MU LONDON PA NYENGO YA KUYOYOKA KWA MASAMBA

M'mwezi wa Seputembala, mvula isanagwe, mitengo ya m'nkhalango za Zambia imaphuka. Miombo ndi mitondo imabvala masamba anthete, ena ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, kotero kuti phiri lonse limaoneka ngati lagwira moto. Pakapita masabata owerengeka masamba aja amasanduka obiriwira. Nyenje ziyamba kulira, dzuwa liyamba kuwawa, ndipo alimi amakonza makasu ao podikira mitambo. Mwana ali yense wa kumudzi adziwa kuti masamba ofiira asonyeza kuti mtengo wayamba caka catsopano.

Pa nthawi yomweyo, kutali kumpoto, m'dziko la Britain, mitengo ya mumzinda wa London nayonso iyamba kusintha maonekedwe. Koma kumeneko tsamba lofiira kapena lacikasu ndi tsamba lokalamba. Latha nchito yace, ndipo posacedwa lidzathothoka ndi kugwa pansi. Nyengo imeneyi Angerezi amaicha autumn. Imayamba m'Seputembala nitha kumapeto kwa Novembala. M'Cinyanja iribe dzina lace leni leni. Ifanana pang'ono ndi masika, pakuti ndiyo nthawi imene alimi a kumeneko amakhala atakolola tirigu, nathyola maapulo, nakumba mbatata. Koma cimene cimatsata pambuyo pace si malimwe ai, ndi cisanu cacikulu ca miyezi itatu ndi mdima wautali.

London ndi mzinda wa anthu ngati mamiliyoni 9, womangidwa tsidya ili ndi tsidya ilo la mtsinje wa Thames. Alendo ambiri amakonda kupitako m'Julaye ndi m'Ogasiti pamene kunja kuli kofunda. Koma wofika m'nyengo ya kuyoyoka kwa masamba amaona zinthu zimene anzacewo saziona, malinga akadziwa cinthu cimodzi, ndico cakuti tsiku ndi tsiku dzuwa liri kumthawa.

Cifukwa cace usana ufupika

Dziko lapansi liri ngati lalanje lobooledwa ndi kamtengo pakati, ndipo limazungulira pa kamtengoko kamodzi pa tsiku. Kamtengoko sikanaime cilili, nkopendekeka. Pamene dziko liri pa ulendo wace wa caka cathunthu wozungulira dzuwa, mbali ya kumpoto imaweramira ku dzuwa m'mwezi wa Juni, ndipo mbali ya kumwera imaweramirako m'Disembala. Zambia ali pafupi ndi pakati pa dziko, cotero kupendekekako sikumkhudza kwambiri: ku Lusaka usana wautali koposa uli ndi maola ngati 13, ndipo waufupi koposa uli ndi maola ngati 11. London ali kutali kumpoto. M'Juni usana wace umapitirira maola 16 ndi theka, koma m'Disembala sufika ngakhale maola 8.

Tsono autumn ndiyo nthawi imene kuwalako kuli kucepa mofulumira. Pafupi ndi pa 23 Seputembala usana ndi usiku zimalingana. Kuyambira pamenepo usana uli wonse umafupika ndi mphindi ngati zinai, ndiye kuti pafupi fupi theka la ola pa sabata imodzi. Pa Sondo lomariza la Okutobala anthu onse a m'dzikomo amabweza mawochi ao m'mbuyo ndi ola limodzi, kuti ana opita ku sukulu asamayende mumdima m'mawa. Kuyambira tsiku limenelo dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Mlendo amene sanamve za mwambo umenewu amafika msanga pali ponse ndi ola lathunthu, ndipo madzulo mdima umampeza asanathe kuceza.

Cotero nzeru yoyamba ya mlendo ndiyo kusamala dzuwa monga mai asamala ufa m'mwezi wa njala. Zoona za pabwalo azione m'mawa ndi masana. Za m'nyumba azisungire madzulo ndi masiku a mvula.

Nzeru yaciwiri iri pa zobvala. Kale munthu wocokera ku Zambia ankakwera sitima ya pamtunda kufikira ku Cape Town, ndipo kumeneko ankalowa m'sitima ya pamadzi imene inkayenda masabata awiri. Thupi lace linkazolowera mphepo pang'ono pang'ono. Masiku ano amacoka ku Lusaka pa ndeke, nasintha ndeke ku Nairobi, ku Addis Ababa kapena ku Dubai, nafika m'mawa mwace. Wasiya kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 30, ndipo watulukira pa mphepo ya madigiri 10 ali ndi malaya amodzi. Afunika juzi, jasi losalowa madzi, nsapato zolimba ndi ambulera. Ndi bwino kubvala zobvala zingapo zopyapyala, cina pamwamba pa cinzace, m'malo mwa cimodzi cokhuthala, pakuti m'nyumba ndi m'masitima mumafunda ndipo munthu amafuna kubvulako zina. Mvula ya ku London siri ngati ya dzinja yogwa ndi mabingu nkuleka. Kawiri kawiri imawaza pang'ono pang'ono tsiku lonse, ndipo anthu saibisalira. Amangopita ku nchito zao.

Masamba, mbeu ndi nyama

Pakati pa mzinda pali mabwalo akulu a udzu ndi mitengo ochedwa mapaki, ndipo munthu ali yense alowamo kwaulere. Hyde Park, Regent's Park ndi St James's Park ali pafupi pafupi. Masamba amakongola koposa kumapeto kwa Okutobala ndi kuciyambi kwa Novembala.

Kodi masambawo asintha bwanji? M'tsamba liri lonse muli mankhwala obiriwira ochedwa klorofili, amene amatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya, nkupanga cakudya ca mtengo. M'cisanu kuwala kumacepa, ndipo nthawi zina madzi a m'nthaka amauma gwa ngati mwala, mizu nkulephera kumwa. Masamba akulu opyapyala sakadapindula kanthu pa nthawi yotere. Akadangotaya madzi ndi kupsa ndi cisanu. Cifukwa cace usana ukayamba kufupika mtengo umakoka cakudya cotsala m'masamba nucisunga m'nthambi ndi m'mizu. Kubiriwira kuja kumazilala, ndipo utoto wacikasu umene unabisika pansi pace caka conse umaonekera. Kufiira kokha ndiko kwatsopano: kumapangidwa ndi shuga wotsala m'tsamba, makamaka usana ukawala ndipo usiku ukazizira. Potsiriza mtengo umatseka pamene phesi la tsamba lilumikizana ndi nthambi, ndipo kamphepo kakang'ono kamaligwetsa. Mlambe wa m'cigwa ca Luangwa umacita cimodzi modzi m'malimwe. Mdani wa mlambe ndi cilala, mdani wa mitengo ya ku London ndi cisanu, koma nzeru yace ndi imodzi.

Mtengo wopezeka kwambiri m'mbali mwa miseu uchedwa London plane. Makungwa ace amasupuka zigamba zigamba, ndipo kusupukako kunauthandiza kupirira mwaye wa malasha m'zaka zakale. Koma mtengo umene ana amaukonda ndi horse chestnut. Mbeu zace nzofiirira ndi zonyezimira ngati nsapato yopolishidwa. Ana amaziboola, nazimanga ku cingwe, ndipo awiri amasinthana kumenya mbeu ya mnzace kufikira imodzi itasweka. Masewerawo achedwa conkers. Mlendo acenjere apa: mbeu zimenezi sizidyedwa, zimadwalitsa. Pali mtengo wina wochedwa sweet chestnut umene mbeu zace zifanana nazo, koma izo zimadyedwa, ndipo anthu amaziocha pa mbaula m'mbali mwa mseu nazigulitsa zotentha. Kusiyana kwace kuli pa cikhokhombe. Ca mbeu zodyedwa ciri ndi minga yambiri yopyapyala ngati kanungu. Ca conkers ciri ndi timinga towerengeka tatifupi.

Pansi pa mitengo agologolo otuwa amakhala pa kalikiliki, kutola mbeu ndi kuzikwirira m'nthaka kuti adzadye m'cisanu. Agologolo amenewa kwao ndi ku North America; anafika ku Britain m'zaka za m'ma 1870, ndipo tsopano acuruka kotero kuti agologolo ofiira, eni dziko, saonekanso mu London. Zina mwa mbeu zimene amakwirira amaziiwala, ndipo zimamera. Ku St James's Park kulinso mbalame zazikulu za vuwo, zonga za m'madambo a Kafue. Zoyamba zinaperekedwa kwa mfumu ya England ndi kazembe wa Russia m'caka ca 1664.

Koma amene ali ndi tsiku limodzi lokha lowala apite ku Richmond Park, kumwera ca kumadzulo kwa mzinda. Ndi thengo leni leni la maekala ngati 2,500, lozingidwa ndi linga limene Mfumu Charles I anamanga m'caka ca 1637 kuti azisakamo nyama. M'menemo mukhala nyama zoposa 600 zonga mbawala, zochedwa deer. Nyanga zao zisiyana ndi za ngoma kapena mphalapala. Ngoma imakhala ndi nyanga zomwezo moyo wace wonse, koma nyanga za deer ndi mafupa okhala ndi mphanda zambiri ngati nthambi, ndipo zimagwa caka ndi caka, zina nkumera.

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala kufikira m'Novembala nyama zamphongo zimalimbirana zazikazi. Mbanda kuca, nkhungu ikali pa udzu, yamphongo imatukula mutu nibangula mau omveka kutali. Imapalasa pansi ndi nyanga zace, nidzikoleka udzu kumutu kuti ioneke yaikulu. Ina ikayankha, ziwirizo zimayenda mondondozana, iyi apa iyo apo, kuyesana maso. Nthawi zambiri yocepa mphamvu imangocoka. Koma zikalingana zimatembenuka mwadzidzidzi nizigundana, nyanga nkukolana, ndipo zimakankhana kufikira ina itathawa. Pa nthawi imeneyi yamphongo imadya pang'ono cabe ndipo imakhala yaukali. Oyang'anira paki amacenjeza anthu kuti aime patali mamita 50. Mwana wa ku Zambia sasowa kuuzidwa kuti nyama ya kuthengo siseweretsedwa. Ndi anthu a m'tauni amene amaiyandikira ndi makamera ao, ndipo ena amabvulazidwa.

Pafupi ndi Richmond pali munda wochuka wa Kew, umene unayambidwa m'caka ca 1759. Kumeneko amalipiritsa polowa. Mitengo ya maiko ambiri inabzalidwa pamodzi, cotero mitundu ya masamba njosawerengeka. Pali ulalo wokwezeka mamita 18 umene munthu amayendapo pakati pa nsonga za mitengo. Mlendo akazizidwa alowe m'nyumba yaikulu ya magalasi yochedwa Palm House. M'katimo mumatentha ngati ku Luapula m'dzinja. Muli migwalangwa, koko, khofi ndi nthoci, ndiponso comera cina cimene cinacokera ku South Africa m'caka ca 1775 ndipo cikali moyo mumphika wace. Mlendo wa ku Chipata angaseke poona anthu akulu akulu ataima kupenyetsetsa mtengo wa nthoci umene kwao umamera kuseri kwa khichini.

M'Seputembala, pa maiwe a m'mphepete mwa mzinda, amaonekanso anamzeze alikusonkhana. Tizirombo touluka timene amadya tayamba kusowa, tsono akonzeka ulendo. Kale anthu a ku Ulaya sanadziwe kumene mbalamezi zimapita, ndipo ena ankati zimagona m'matope pansi pa madzi. M'caka ca 1911 munthu wina ku England anabveka namzeze kamphete ku mwendo, ndipo m'Disembala 1912 namzeze yemweyo anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa. Kambalame kopepuka ngati bokosi la macisa kanadutsa nyanja ndi cipululu ca Sahara, ulendo wa mamailosi ngati 6,000. Anamzeze a ku Ulaya amayamba kufika ku Zambia m'Okutobala, cotero mlendo wopita ku London amasemphana nao m'mlengalenga.

Pa mtsinje

Njira yabwino yoonera mzinda ndiyo kukwera bwato ku Westminster ndi kutsika ndi mtsinje kufikira ku Greenwich. Thames amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku kaamba ka madzi a m'nyanja yaikulu, nthawi zina ndi mamita 7. Bwato limacoka pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, pamene pali nsanja ya belu lalikulu lochedwa Big Ben. Limapitirira chalichi ca St Paul ndi linga lakale la Tower of London, nililowa pansi pa Tower Bridge, ulalo wa m'caka ca 1894 umene umatseguka pakati kuti zombo zazitali zipite. Pa madzi mphepo imalasa, ndipo cipewa cifunika.

Ku Greenwich, pamwamba pa kaphiri, pali nyumba yoyang'anira nyenyezi imene Mfumu Charles II analamula kuti imangidwe m'caka ca 1675. Pabwalo pace pali mzere wacitsulo woikidwa pansi. M'caka ca 1884 nthumwi za maiko zinasonkhana ku Washington nizigwirizana kuti kum'mawa ndi kumadzulo kwa dziko lonse kuziwerengedwa kucokera pa mzere umenewu. Pa mapu a m'kalasi walembedwa 0. Lusaka ali pa madigiri 28 kum'mawa kwace, ndipo ndico cifukwa cace nthawi ya ku Zambia iri patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya Greenwich. Alendo amakonda kuima mwendo umodzi kum'mawa, wina kumadzulo. Pa denga pali mpira wofiira umene umagwa pa 1 koloko masana. Unayamba kugwa m'caka ca 1833 kuti oyendetsa zombo pa mtsinje azikonza mawochi ao pouona.

Mvula ikagwa

Tsiku la mvula mlendo atsike pansi pa nthaka. Sitima za pansi za London ndizo zoyamba pa dziko lonse. Zinayamba kuyenda m'caka ca 1863. Pa makwerero oyenda okha anthu amaima ku dzanja lamanja kuti ofulumira apite kumanzere. Ca m'ma 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo sitimazo zimadzaza thothotho, ndipo mlendo acita bwino kudikira. Mabasi ofiira osanjikiza salandira ndalama za m'manja kuyambira m'caka ca 2014; amalipira ndi khadi.

Nyumba zazikulu zosungiramo zinthu zakale salipiritsa polowa. British Museum, imene inatsegulidwa m'caka ca 1759, iri ndi mitembo youmikidwa ya ku Egypt ndi zosemasema za maiko ambiri, ndipo munthu sangaithe tsiku limodzi. Natural History Museum ndiyo ya nyama, zomera ndi miyala. Polowa, mlendo amapita pansi pa mafupa a namgumi wa mamita 25 wolenjekeka ku denga.

M'nyumba imeneyi mumasungidwa cinthu cimodzi ca ku Zambia. M'Juni 1921 anthu okumba mtovu ndi zinki pa mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano kuchedwa Kabwe, anapeza cigaza ca munthu wakale kale m'phanga. Ciri ndi mphumi yotsika ndi mafupa okhuthala pamwamba pa maso, ndipo mano ace ambiri ngobooka, kusonyeza kuti mwini wace anabvutika ndi dzino monga anthu a lero. Cigazaco cinatumizidwa ku London caka comweco. M'caka ca 2020 akatswiri anacipimanso napeza kuti ciri ndi zaka ngati 300,000. Ciri pakati pa zigaza zofunika koposa zimene zinapezeka mu Africa, ndipo kwa zaka zambiri boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwerere kwao. Kumapeto kwa Okutobala ana a sukulu a ku England amakhala pa chuthi ca sabata imodzi, ndipo nyumbazi zimadzaza. Wofuna kuona bwino alawire.

Madzulo mlendo apite ku Westminster Abbey, chalichi cimene mafumu a England amalongedweramo ufumu. Oceza amalipira, koma opita ku mapemphero a madzulo alowa kwaulere, namva kwaya ikuimba. Pansi, pakati pa chalichi, pali mwala wakuda wa manda a David Livingstone. Iye anamwalira pa mudzi wa Chitambo m'caka ca 1873. Anchito ace, otsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace pansi pa mtengo wa mpundu, naumika thupi, nalinyamula miyezi isanu ndi inai kufikira ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean. Linaikidwa m'chalichimo pa 18 Epulo 1874. Pakadapanda mapewa a anthu amenewo mwalawo sukadakhalapo.

Potuluka mlendo adzapeza kunja kwada ndipo nyali zayaka. Mwina kuli kankhungu pa mtsinje. Mabuku akale amanena za nkhungu yakuda ya London imene munthu sankaona ngakhale mapazi ace. Inali nkhungu yosakanizika ndi utsi wa malasha wocokera m'nyumba zikwi zikwi. M'Disembala 1952 inaphimba mzinda masiku asanu nipha anthu osacepera 4,000. M'caka ca 1956 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo locepetsa utsiwo, ndipo nkhungu yotere inatha.

Moto ndi cete wa Novembala

Usiku wa pa 5 Novembala mlendo wosadziwa angayese kuti kwagwa nkhondo. Mbali zonse kumamveka kuphulika, ndipo kumwamba kumang'anima zofiira, zobiriwira ndi zoyera. Mwambowu unayamba ndi ciwembu ca m'caka ca 1605. Pa nthawiyo Akatolika a ku England ankazunzidwa kaamba ka cipembedzo cao, ndipo kagulu ka amuna kanapangana kupha Mfumu James I pamodzi ndi nduna zace pa tsiku lotsegula Nyumba ya Malamulo. Anabisa migolo 36 ya onga m'cipinda ca pansi pa nyumbayo. Koma kalata yocenjeza inafika kwa nduna ina, ndipo pakati pa usiku asilikali anagwira munthu dzina lace Guy Fawkes alikulonda migoloyo. Anthu anasonkha moto m'miseu posangalala kuti mfumu yapulumuka. Kufikira lero amaunjika nkhuni, naikapo cidole ca nsanza cochedwa Guy, nayatsa. Ambiri saganizanso za mkangano wa zipembedzo. Amangotuluka ndi ana ao, atabvala mipango m'khosi, kukaona makombola ku malo onga Alexandra Palace ndi Battersea Park. Asanayatse mulu wa nkhuni amauzidwa kuti ayambe asuzumira pansi pace, pakuti akanungu ofuna pogona tulo ta cisanu amakonda kubisala m'menemo.

Loweruka laciwiri la mweziwo kuli cionetsero ca Lord Mayor, mkulu wa cigawo cakale ca pakati pa mzinda, amene amasankhidwa caka ndi caka. Mfumu John analola anthu a mu London kudzisankhira mkulu wao m'caka ca 1215, koma analamula kuti wosankhidwayo azipita kukalumbira kuti adzamvera mfumu. Ulendo wokalumbirawo ndiwo unasanduka cionetsero. Amakwera gareta wonyezimira ngati golidi, wopangidwa m'caka ca 1757 ndi wokokedwa ndi akavalo asanu ndi mmodzi, ndipo patsogolo pace pamayenda mabandi, asilikali ndi magalimoto okongoletsedwa. Kuonerera nkwaulere.

M'masiku omwewo mlendo adzaona anthu ambiri atabvala kaduwa kofiira ka pepala pacifuwa. Duwalo lichedwa poppy. Linamera lambiri m'minda ya ku Belgium ndi ku France imene inatipulidwa ndi mizinga pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba, ndipo linasanduka cizindikiro ca amene anafa. Ndalama zogulira timaluwato zimathandiza asilikali akale ndi mabanja ao. Nkhondoyo inaleka ku Ulaya pa 11 koloko m'mawa, pa 11 Novembala 1918.

Pa Sondo laciwiri la Novembala khamu la anthu limasonkhana mu mseu wa Whitehall, pamene pali cipilala coyera cochedwa Cenotaph, kutanthauza manda opanda mtembo. Big Ben akayamba kulira 11 koloko, mzinga umaomba kamodzi, ndipo anthu onse amakhala cete mphindi ziwiri. Mumzinda wa phokoso usana ndi usiku mumamveka masamba okha akukhwekhwereza pa mseu. Pambuyo pace mfumu imaika nkhata ya maluwa pa cipilalaco, kenaka atsogoleri a boma, kenaka akazembe a maiko a Commonwealth, ndipo wa Zambia ali pakati pao.

Kazembeyo sapitako ngati mlendo wamba. Pamene mfuti zinaleka ku Ulaya, m'dziko limene tsopano ndi Zambia nkhondo inali isanathe. Mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anamva uthengawo pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene tsopano kuchedwa Mbala, pa 25 Novembala 1918. Amuna zikwi zambiri a m'midzi anatengedwa kukhala amtengatenga, onyamula cakudya ndi zipolopolo pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Maina a ocuruka a iwo sanalembedwe pali ponse. Pafupi ndi Hyde Park Corner pali zipilala zinai za mwala, zochedwa Memorial Gates, zimene zinatsegulidwa m'caka ca 2002 pokumbukira anthu a ku Africa, ku India ndi ku zisumbu za Caribbean amene anatumikira pa nkhondo ziwiri zazikulu. Kucokera ku Whitehall ndi ulendo wa theka la ola pa miyendo, kupyola m'paki.

Novembala akamatha mitengo yambiri yatsala nthambi zokha zokha. Anchito a m'mapaki amasesa masamba nawaunjika kuti aole, adzakhale manyowa. M'mawa udzu umayera mbuu ndi cisanu, ndipo mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi. Nyali za Khrisimasi zayamba kale kuyaka mu Oxford Street ndi Regent Street. Dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Pa ola lomwelo ku Zambia nthawi iri pafupi ndi 6 koloko. Mvula yoyamba yagwa, cimanga camera, ndipo anamzeze aja alikuuluka pamwamba pa madambo kugwira inswa.